MANYOWA AMAMANGA MTOBVU, KOMA SAUCHOTSA M'NTHAKA

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa kwa Mfumu Kuntumanji, m'Boma la Zomba.

Madzulo ano nkhani yathu ndi ya mtobvu ndi manyowa. Mtobvu ndi chitsulo chija chofewa, cholemera, chotuwa, chimene chimakhala m'kati mwa batire la galimoto, la njinga yamoto ndi la magetsi a dzuwa. Asodzi a ku Chilwa amachidziwa bwino, pakuti ena amachisungunula ndi kupanga tizitsulo tolemetsa matchera ndi mbedza. Mtobvu ukalowa m'nthaka umasanduka chiphe, makamaka kwa ana. Tsono funso ndi ili: kodi tikathira manyowa ambiri, nthaka yotere ingachire? Yankho ndi lakuti manyowa amathandiza ndithu, koma sachotsa mtobvu. Amaumanga monga mumangira mbuzi pa chikhomo. Mbuzi yomanga siidya mbeu, komabe ikali m'mundamo, ndipo tsiku limene chingwe chidzaole idzadya.

KULAKWA KWANGA

Ndiyambe ndi kulakwa kwa ine mwini. Chaka chimene ndinayamba nchito kuno kwa Kuntumanji, mai wina anandiitana kukaona dimba lache la mpiru, limene linali lachikasu ndi lopinimbira. Ziweto analibe, manyowa analibenso. Ine ndinaona dzala lakale kuseri kwa magolosale, dothi lache lakuda bii, ndipo ndinati kwa iwo, "Mai, katuteni dothi lija mudzathire muno." Anamvera, natuta ndowa zambiri, ndipo mpiru unabiriwiradi.

Patapita milungu ingapo ndinapitako kukayamikira. Ndinapeza mwana wao wa zaka 2 atakhala pansi m'dimbamo, alikumung'unya kachidutswa kotuwa kokhala ngati sefa. Kanali ka m'kati mwa batire. Titafukula ndi khasu tinapeza tina tambiri. Pa dzala lija ndi pamene munthu wina wotchaja mabatire ankataya mabatire akufa, ndipo anyamata ankawaswera ndi kusungunulira pomwepo. Chikome-kome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ine wophunzira za nthaka ndinayang'ana kuda kwa dothi, osafunsa mbiri ya dzalalo. Mwana uja alikukula ndipo amasewera ndi anzache, koma palibe amene angandiuze chimene mtobvu umene anameza unamchotsera. Nchifukwa chache ndilankhula nanu lero.

MTOBVU UMACHITA CHIANI M'THUPI?

Mtobvu ukalowa m'thupi umayenda ndi magazi nukafika ku ubongo, ku chiwindi ndi ku impsyo, ndipo wotsala umasungika m'mafupa ndi m'mano zaka zambiri. Ukachuluka, mwana amasanza, amamva m'mimba kupota, amakomoka ngati wodwala malungo akulu, mwinanso kufa kumene. Ukakhala wochepa, mwana saoneka wodwala konse, koma nzeru zache zimachepa, sagwira za kusukulu, magazi amamchepera. Ubongo ukaonongeka ndi mtobvu subwereranso mwakale. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, limanena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'magazi umene tinganene kuti uwu ndiye wosaopsya, ndiponso kuti mwana akameza mtobvu, thupi lache limatenga wochuluka kanai kapena kasanu kuposa thupi la munthu wamkulu. Mai woyembekezera nayenso amapatsira mwana ali m'mimba mtobvu umene unabisala m'mafupa ache.

Ziweto nazo zimabvutika. Ng'ombe imakonda kunyambita batire losweka, ndipo ikhoza kuchita khungu ndi kufa m'masiku owerengeka. Nkhuku yofukula pa malo a mtobvu imaikira mazira a mtobvu.

Dziwaninso kuti mtobvu suola. Mukauotcha sutha ai, koma wina umauluka ndi utsi nukagwa pabwalo ndi pa ufa woyanika, wina umatsala m'phulusa. M'nthaka umakhala pamwamba pomwepa pamene khasu limafika, ndipo umakhalapo mpaka adzukulu a adzukulu anu.

ZIMENE ZINAONEKA KWA ANZATHU

Kuno kwathu kulibe mgodi wa mtobvu, koma tiphunzire kwa amene anaona zakuda. Ku Zambia, kumpoto kwa Lusaka, kuli tauni ya Kabwe, imene agogo athu opita ku migodi ankaidziwa ndi dzina lakuti Broken Hill. Kumeneko anakumba ndi kuyenga mtobvu kuyambira 1906 mpaka 1994. Mgodi unatsekedwa, koma pfumbi la mtobvu linatsala m'mabwalo ndi m'madimba a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo ana ambiri obadwa mgodi utatsekedwa kale anapezeka ndi mtobvu wochuluka m'magazi.

Kapena wina anganene kuti izo ndi za ku migodi. Tamverani tsono za Thiaroye-sur-Mer, mudzi wa asodzi kunja kwa mzinda wa Dakar ku Senegal. Kumeneko anthu ankaswa mabatire a galimoto ndi kupanga zolemetsa maukonde, monga achitira ena kuno. Mtengo wa mtobvu utakwera, amai anayamba kusefa dothi la pamalopo kufuna tizidutswa togulitsa, ena kusefera kunyumba, ana ali pambali. Pakati pa November 2007 ndi March 2008 anafa ana 18. Mgodi panalibe. Anali mabatire okha.

Ife tili ndi chifukwa china choopera. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi timitsinje tonse timathira m'menemo, koma potulukira palibe. Madzi amauma ndi dzuwa, monga anaumira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, koma chimene madzi anakokolola chimatsala m'matope. Dothi la pa dzala la mabatire likakokoloka ndi mvula limapita m'madimba, m'minda ya mpunga ndi m'nyanja imene timadyamo matemba, makumba ndi mlamba.

MANYOWA AMAGWIRA NCHITO YANJI?

Manyowa okupsya bwino amathandiza m'njira zinai.

Yoyamba: zoolera-olera za m'manyowa zimagwira mtobvu nuukanirira, kotero kuti susungunuka msanga m'madzi a m'nthaka. Muzu umamwa chosungunuka chokha. Chosasungunuka muzu umachilambalala.

Yachiwiri: m'zitosi za nkhuku, m'mafupa ndi m'minga ya nsomba muli chakudya cha mbeu chochedwa fosifeti. Fosifeti akakumana ndi mtobvu amapanga kamwala kolimba kamene sikasungunuka wamba, m'nthaka ngakhale m'mimba mwa munthu. Mu 2011, ku Oakland m'dziko la America, a Boma anathira minga ya nsomba yopera m'mabwalo a nyumba momwe munali mtobvu, pa chifukwa chomwechi.

Yachitatu: mtobvu umasungunuka kwambiri m'nthaka yowawasa. Manyowa okhala ndi phulusa pang'ono amachepetsa kuwawasako. Feteleza wa salifeti amaonjeza kuwawasa, choncho pa malo okayikitsa musamthire.

Yachinai, imene ili yoposa zonse: manyowa amasunga chinyezi ndi kumeretsa mbeu ndi udzu zophimba nthaka. Mtobvu wambiri umene umalowa m'thupi la mwana sudzera m'kati mwa mbeu ai. Umadzera m'pfumbi, m'dothi la m'zala ndi m'matope othovukira pa masamba a ndiwo mvula ikamagwa. Nthaka yophimbika siutsa pfumbi.

Zimenezi zinayesedwa ku Kabwe komwe kuja. Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi a Hokkaido University ya ku Japan anabzala chimanga pafupi ndi mgodi, pena nathira zitosi za nkhuku, pena feteleza wa fosifeti, pena feteleza wosakaniza ndi zitosi zooletsa. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2020. Mtobvu umene mbeu ingathe kumwa unachepa ndi pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mtobvu wa m'chimanga unachepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anai. Koma mverani mbali inayo: ngakhale unachepa chotero, chimangacho chinali chikali choopsya kudya, pakuti nthakayo inali ndi mtobvu wochuluka kopambana. Phunziro ndi ili: pa malo oipa pang'ono manyowa amatchinjiriza, koma pa malo oipitsitsa manyowa okha sakwanira.

MALO ALI MITUNDU ITATU

Mtobvu wa m'nthaka suoneka ndi maso, sununkha, ndipo mbeu zimatha kumera bwino pamene ulipo. Muyeso wache weni-weni umadziwika dothi likapimidwa ndi makina. Koma mbiri ya malo imadziwika m'mudzi. Safunsa anadya phula. Funsani akulu-akulu: kodi apa panali wotchaja kapena wokonza mabatire? Panali garaja? Panali posungunulira za maukonde? Panali dzala la pamsika? Mukamva mayankho, gawani malowo patatu.

Mtundu woyamba ndi pamalo peni-peni pamene ankaswera, kusungunulira kapena kukhuthulira madzi a m'batire. Pamenepa musalimepo chakudya chiri chonse, ngakhale muthire ngolo khumi za manyowa. Nyowetsani pansi kuti pfumbi lisauke. Tolani zidutswa zooneka mutabvala pulasitiki m'manja, muziike m'chitini chotseka chimene sichidzalowanso chakudya kapena madzi. Kwirirani malowo ndi dothi labwino lochokera kwina, lochindikala masentimita 30, pamwamba pache manyowa, ndipo mubzalepo udzu wa vetiva kapena kapinga. Tchingani ndi minga kuti ana ndi ziweto asafikepo, ndipo udzuwo musadyetse ziweto. Mukatero kauzeni Mlangizi wa Malimidwe ndi Mlangizi wa za Umoyo kuti nkhani ifike ku Boma ku Zomba. Kufukula ndi kuchotsa dothi loipa, monga anachitira ku Senegal, si nchito ya munthu mmodzi ndi khasu lache, pakuti mukhoza kungomwaza chiphe.

Mtundu wachiwiri ndi malo ozungulira, malo a kumunsi kumene madzi ochokera pamenepo amatsikira, ndi madimba amene munathiramo dothi la pa dzala lokayikitsa, monga dimba la mai aja. Amenewa ndiwo malo a manyowa.

Mtundu wachitatu ndi munda wabwino umene mtobvu sunafikemo. Uwu usungeni. Musatutiremo dothi kapena phulusa la pa dzala limene simulidziwa mbiri yache.

KAPANGIDWE KA MANYOWA OYENERA

Ambiri a inu mumadziwa kale chimato ndi manyowa a m'dzenje. Kapangidwe ndi komweko, koma samalani pa zinthu izi.

Sankhani malo a pamthunzi, kumtunda kwa malo okayikitsa, osati kumunsi. Yambani mutangokolola, m'miyezi ya May, June ndi July, mapesi asanaotchedwe. Yalani timitengo pansi. Pamwamba pache ikani mapesi a chimanga kapena a mpunga oduladula, kuchindikala ngati chikhatho chotambasula. Kenaka masamba awisi ndi masangwi a mtedza kapena masamba a nandolo. Kenaka ndowe za ng'ombe, za mbuzi, makamaka zitosi za nkhuku. Inu okhala kufupi ndi madooko, onjezani minga, mitu ndi matumbo a nsomba zotsala powamba, mutasinja minga ija, ndipo muziike pakati pa mulu kuopa agalu. Wazani phulusa la nkhuni pang'ono ndi madzi, kuti zinyowe koma zisachite kudontha mukafinya m'manja. Bwerezani chomwecho mpaka mulu ufike m'chifuwa. Zikani mtengo pakati wosiya mpata wa mpweya, ndipo matani muluwo ndi dothi lochokera pa malo abwino.

Pakatha sabata imodzi solowetsani dzanja pa bowo lija: ngati mukutentha, manyowa alikupsya. Pa miyezi 2 kapena 3 amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndipo simungazindikire kuti ichi chinali phesi. Pamenepo ndiye apsya. Manyowa osapsya musathire pa malo a mtobvu, pakuti madzi ache akhoza kuusungunula m'malo moumanga.

Pa mulu wa manyowa pasagwe batire la mtundu uli wonse, ngakhale la tochi. Pasagwenso phulusa la matabwa opaka penti, pakuti penti wina wamafuta amakhala ndi mtobvu. Inu olima kufupi ndi nyanja kumene nthaka ili kale ya mchere, chepetsani phulusa kapena lisiyeni, popeza nthaka yanu si yowawasa. Inu a ku mchenga thirani manyowa ochuluka koposa a ku makande, pakuti mchenga sugwira mtobvu monga dongo ligwirira.

KATHIRIDWE NDI MBEU ZOYENERA

Pa malo a mtobvu sitithira manyowa pa phando pokha monga tichitira m'munda wa chimanga. Yalani malo onse, kuchindikala zala zinai, ndipo tembenuzani ndi khasu kuya kwa masentimita 20. Chitani zimenezi nthaka ili yonyowa, ana ali kutali. Mukatha phimbirani ndi udzu wouma kapena mapesi kuti dothi lisaonekere. Ndipo kumbukirani chingwe cha mbuzi chija. Kuno ku chigwa cha Chilwa kumatentha, manyowa amatha msanga m'nthaka, ndipo akatha mtobvu umamasuka. Chifukwa chache muthire chaka ndi chaka, osadumphitsa.

Mbeu sizitenga mtobvu mofanana. Wambiri umatsakamira m'mizu, wocheperapo umakwera m'masamba, ndipo wochepetsetsa ndi umene umafika m'chipatso ndi m'njere. Kotero pa malo a mtundu wachiwiri bzalani tomato womangira pa mitengo, therere lobala, mabiringanya, nyemba, nandolo kapena chimanga. Musabzalepo mbatata, chinangwa, mtedza kapena karoti, zimene zimakhala m'dothi momwemo. Musabzaleponso mpiru, chainizi kapena bonongwe, ndipo nkhwani ndi chisoso zomera pamenepo musathyole. Ngati malo ena a ndiwo zamasamba mulibe, dzazani matumba ndi dothi labwino losakaniza ndi manyowa, mubzale m'menemo. Mapesi ndi mizu ya pa malo okayikitsa ziolere pomwepo, zisapite ku khola kapena ku dimba lina.

Mai aja tinachita nao chomwechi. Tinatola zidutswa zonse, tinathira chimato chathunthu, tinaphimbira, ndipo tsopano amalimapo tomato ndi therere. Mpiru amalima m'matumba kuseri kwa khichini.

PA KHOMO

Inu amai, tsukani ndiwo zamasamba katatu ndi madzi oyera, ndipo masamba a pansi okhudza dothi muwataye. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Ufa, mpunga ndi nsomba muziyanike pa thandala, osati pansi kufupi ndi malo a mabatire. Poto amene anasungunuliramo mtobvu asaphikirenso chakudya. Amai oyembekezera amene amalakalaka kudya dothi apite ku sikelo akalandire mankhwala oonjeza magazi, pakuti dothi silisankha chimene lasunga. Mwana wanjala amatenga mtobvu wochuluka kuposa mwana wokhuta, ndipo matemba odya ndi minga yomwe, nyemba ndi ndiwo zamasamba zoyera zimathandiza thupi kukana mtobvu. Mwana amene anasewera pa malo otere akamadwala-dwala m'mimba, kufooka kapena kukomoka, thamangirani naye ku chipatala, ndipo mukauze a dotolo za mabatirewo, pakuti mukapanda kunena adzangoganiza za malungo.

MAU KWA MAFUMU

Pomaliza ndilankhule ndi inu eni nthaka. Magetsi a dzuwa afika m'midzi yambiri, ndipo ndi chinthu chabwino: ana alikuwerenga usiku, mafoni alikutchajidwa pakhomo. Koma batire liri lonse limafa pakapita zaka zowerengeka, ndipo batire la mtundu wa la galimoto koposa theka la kulemera kwache ndi mtobvu. Mabatire akufa adzachuluka chaka ndi chaka. Ndikupemphani zinthu zitatu.

Choyamba, lamulani kuti m'mudzi mwanu munthu asaswe, kuotcha kapena kusungunula batire, ndiponso asakhuthulire pansi madzi ache. Batire lakufa lisungidwe lathunthu, choimirira, pa malo ouma amene ana safikapo, kufikira litabwezedwa kwa ogulitsa mabatire. Asodzi alemetse maukonde ao ndi miyala kapena dongo lootcha.

Chachiwiri, itanani msonkhano, muyende ndi anthu anu ndi kuloza malo onse amene panali mabatire, kale ndi lero. Zikani zikhomo, ndipo mlembi wa mudzi alembe m'buku, kuti mbiri ya malo isafe pamodzi ndi okalamba.

Chachitatu, pogawa malo a dimba, a chitsime, a nyumba kapena a sukulu ya mkaka, yambani mwayang'ana m'buku limenelo.

Mlimi wothira manyowa chaka ndi chaka amapindula pawiri: mbeu zache zimabereka, ndipo mtobvu umakhala womangika. Koma ndi bwino koposa kuti mbuziyo isalowe m'munda ndi kale lomwe, ndipo oitchingira ndinu mafumu. Amene ali ndi malo okayikitsa afike kwa Mlangizi wa dera lache, tidzapite limodzi kukaona tisanathire kanthu.